Asilikali ali mkati mwa chotupa, nanga bwanji sakuombera?

Pa gulu lathu la WhatsApp la kumpingo kukangomveka kuti mayi uje awapeza ndi khansa, olo ola silitha wina amakhala waponya kale chithunzi cha botolo la immune booster, mtengo pansi, nambala yotumizira ndalama pambali, ndi ka voice note ka mayi wina wakunja amene akuti anachiriratu. Mfundo yawo ndi yomweyomweyo, ati khansa imalowa chifukwa chitetezo cha mthupi chatsika ndiye mukachikweza chotupa chimasungunuka chokha. Ine zimandipweteketsa mutu chifukwa mfundoyi si yabodza yonse, muli kachoonadi pang'ono mkatimo ndipo ndi kamene kakugulitsa botolo. Nde lero ndati ndilembe zimene ndakhala ndikuwerenga pa nkhaniyi, ndi yaitali, pezani pokhala.

Ife a Malawi za chitetezo anatiphunzitsa ndi edzi, olo agogo akumudzi amadziwa kuti CD4 ikatsika asilikali achepa. Amene munali akuluakulu ma ARV aulere asanayambe mu 2004 mukukumbuka madontho akuda aja pamiyendo ndi mkamwa, mwendo kutupa mpaka kuuma gwa, khansa ya Kaposi. Imayamba ndi kachilombo kena kosiyana ndi HIV, dzina lake HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994 ku Columbia University ku New York, ndipo kuno kwathu anthu ambirimbiri ali nako kuyambira ali ana, kamayenda mmalovu, amakalamba nako osadwala chilichonse chifukwa asilikali akapanikiza. HIV ikagwetsa CD4 kamapeza mpata, ndipo munthu akayamba ma ARV Kaposi idakali yochepa nthawi zambiri madontho aja amafota okha olo osalandira kemo. Anthu oikidwa impso ya munthu wina, amene amamwa mankhwala otsitsa chitetezo dala kuti thupi lisaikane impsoyo, nawonso Kaposi ndi khansa za pakhungu zimawagwira kwambiri kuposa anzawo. Apa palibe zotsutsana, chitetezo chimalonderadi khansa.

Koma pitani ku wodi ya khansa mukaone. Mayi wa khansa ya m'mawere, bambo wa khansa ya kummero amene olo phala sakumeza, ambiri HIV alibe, CD4 ili bwinobwino, chimfine chikawagwira amachira ngati wina aliyense. Ndipo adokotala akadula kanyama pa chotupa nkukaika pa microscope nthawi zambiri amapeza ma T cell, asilikali aja, ali mkati mwenimweni mwa chotupacho, ambiri ndithu, angoti phee. Afika pamalo, mdani akumuona, osaombera. Munthu ameneyu olo mumumwetse madramu a juwisi wa masamba vuto lake si kuchepa kwa asilikali.

Kuti timvane tiyambe ndi mmene msilikali amaonera mdani. Pafupifupi selo lililonse mthupi mwathu limadula tizidutswa ta mapuloteni amene likupanga mkati nkutiika panja kuti tioneke, pa kanthu kotchedwa MHC class I. Zili ngati pa roadblock, galimoto iliyonse itsegule buti tione mwanyamula chani. Ma T cell a CD8, abale awo a ma CD4 timawadziwa aja, ndi amene amasuzumira, akaona katundu wachilendo, kaya ndi wa kachilombo kaya ndi puloteni yopindika chifukwa DNA yalakwika penapake, amalipha selo lonselo pompo. Khansa ndi selo lathu lomwe limene DNA yake yalakwika malo angapo ndiye mwalamulo limayenera kugwidwa. Koma inu mumayenda pa minibasi mukudziwa mmene zimathera, wina amati buti inafa siitseguka, wina amapereka ya Fanta, wina anagwirizana kalekale ndi abwana awo a oimitsawo. Chotupa chimachita zonse zitatu.

Kubisa katundu ndiye njira yosavuta. Maselo ena a khansa amangosiya kupanga MHC class I, kapena kachidutswa kake kamodzi kotchedwa B2M kakawonongeka basi zonse zagwa, T cell ikudutsa pompo osaona kanthu. Tizilombo toyambitsa khansa ndiye akatswiri enieni pa zimenezi. HHV-8 ili ndi mapuloteni awiri, K3 ndi K5, ntchito yawo ndi kukokera MHC mkati mwa selo kuti ikaphwanyidwe. Khansa ya ana yotupitsa nsagwada ija, Burkitt lymphoma, imene Denis Burkitt anailemba koyamba ku Uganda mu 1958 ndipo madokotala a ana ku Queens ku Blantyre alimbana nayo zaka zambirimbiri, kuno kwathu imayenda ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Kachilomboka kali ndi mapuloteni ambiri koma kakakhala mu selo la Burkitt kamazimitsa pafupifupi onse nkusiya imodzi, EBNA1, imene inapangidwa mwanjira yoti selo limavutika kuidula tizidutswa. Onjezerani malungo obwerezabwereza amene amafooketsa ma T cell olondera kachilomboka, ndi chifukwa chake khansa imeneyi imatsata madera otentha a udzudzu. Thupi nalo silopusa, lili ndi asilikali ena, ma NK cell, amene Klas Kärre wa ku Sweden anafotokoza m'ma 1980 kuti amapha selo limene silikuonetsa MHC ndi pang'ono pomwe. Nde zotupa zochenjera sizichotsa yonse, zimasiya mtundu wina monga HLA-E umene umauza NK cell kuti ine ndi wanu.

Apa pali chinthu chimene chinandizizira nkhongono nditachimvetsa. Chotupa sichiganiza, chilibe nzeru, amene amachiphunzitsa zonsezi ndi chitetezo chomwe. Gulu la Robert Schreiber ku St Louis linasonyeza mu 2001 kuti zotupa zomera mu mbewa zopanda chitetezo zimakhala zosavuta kupha ukaziika mu mbewa yabwinobwino, pamene zomera mu mbewa ya chitetezo chokwanira zimakhala zankhanza. Chifukwa chake nchakuti asilikali amapha maselo onse ooneka, otsala ndi okhawo amene mwangozi anali obisika, amenewo ndi amene amaswana. Chotupa chimene adokotala akuchigwira ndi dzanja ndi gulu la opulumuka, anasefedwa kale kwa zaka. Ndipo pakati pake pamakhala nthawi yaitali yoti palibe akupambana. Mu 2003 madokotala a ku Scotland analemba za anthu awiri amene analandira impso kuchokera kwa munthu mmodzi womwalira, onse awiri anadwala melanoma, khansa yoopsa ya pakhungu, mmodzi mpaka anafa nayo. Atafufuza anapeza kuti mwini impso uja anachotsedwa melanoma zaka 16 mmbuyomo ndipo ankaoneka kuti anachira. Zaka 16 maselo a khansa ali mu impso, chitetezo chake chitawapanikiza, atangolowa mthupi la munthu womwa mankhwala otsitsa chitetezo anadzuka.

Chinyengo chachikulu kwambiri ndi cha mabuleki. T cell ndi chinthu choopsa, ikalusa siyang'ana nkhope, nde thupi linaiikira mabuleki kuti nkhondo ikatha iime isayambe kudya mwini wake. Buleki imodzi ndi CTLA-4, ndipo mu 1995 ofufuza atapanga mbewa zopanda CTLA-4 (za mu labu, osati zathu zapandodo za mmbali mwa msewu zija) zinkafa zisanathe olo mwezi, ma T cell awo omwe atawononga mtima ndi ziwalo zina. Buleki ina ndi PD-1 imene Tasuku Honjo anaitulukira ku Kyoto mu 1992. T cell ikafika pa chotupa imatulutsa chinthu chotchedwa interferon gamma, chotupa chikamva interferon imeneyo chimatulutsa PD-L1 pamwamba pake, PD-L1 ikangokhudza PD-1 basi T cell yazizira. Mwamva bwino eti, kulusa kwa msilikali ndi kumene kumauza chotupa kuti nthawi yoponda buleki yakwana. Zikapitirira miyezi T cell imatoperatu, imadzaza mabuleki ena pamwamba, LAG-3, TIM-3, TIGIT, imakhalapo koma ntchito palibe. Izi si za khansa yokha, mu 2006 kafukufuku wa anthu a HIV ku Durban anasonyeza kuti amene viral load yawo inali yokwera ma T cell awo olimbana ndi HIV anali odzaza PD-1.

Kenako chotupa chimakopa asilikali ena kuti akhale mbali yake. Pali ma T cell ena, ma Treg, amene Shimon Sakaguchi anawafotokoza mu 1995, ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuti asapitirire malire, ndipo Nobel ya zachipatala ya 2025 anailandira iyeyo limodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell pa nkhani yomweyi. Chotupa chimawaitana ambiri. Ma macrophage amene amayenera kumeza zinyalala chimawasandutsa omanga mitsempha ya magazi yochidyetsa, ndipo chimavala CD47, chizindikiro chouza macrophage kuti usandidye. Chimamwa shuga yense pamalopo nkusiya asidi, chimadzaza adenosine amene amagoneka ma T cell, ndipo china monga khansa ya kapamba chimadzizinga ndi minyewa yolimba mothandizidwa ndi TGF-beta mpaka T cell kulowa ayi.

Ganizo lodzutsa chitetezo kuti chimenye khansa ndi lakale. William Coley, dokotala wa opareshoni ku New York, mu 1891 anayamba kubaya odwala mabakiteriya a streptococcus dala ataona kuti wina chotupa chinatha atadwala matenda a pakhungu otentha thupi, ena ankachira ena ayi, ndipo radiotherapy itabwera anthu anamuiwala. Chimene chinakhalitsa ndi BCG, eya yomweyo ya chipsera cha pamkono tonse tili nachoyi. Kuyambira 1976 pamene Alvaro Morales ku Canada anayesa kuithira mchikhodzodzo kudzera pa paipi, mpaka lero ndi mankhwala enieni a khansa ya chikhodzodzo imene sinalowe mkati mwa mnofu.

Koma zinthu zinatembenuka ndi James Allison. Anzake onse ankafuna kuonjezera moto, iyeyo anati chotsani phazi pa buleki. Mu 1996 ku Berkeley anasonyeza kuti antibody (puloteni yomamatira chinthu chimodzi chokha) yotseka CTLA-4 imachotsa zotupa mu mbewa, makampani anachita naye mphwayi kwa zaka, mpaka 2011 pamene ipilimumab, antibody yoteroyo, inaloledwa ku America pa melanoma yofalikira. Nthawi imeneyo melanoma ikafalikira ambiri sankatha chaka. Ndi ipilimumab munthu mmodzi pa asanu alionse ankafika zaka zitatu, ndipo chodabwitsa nchakuti amene wafika zitatu nthawi zambiri ankafikanso khumi, mankhwala atasiya kalekale, chifukwa ma T cell amakumbukira. Mu 2014 kunabwera otseka PD-1, pembrolizumab ndi nivolumab, amphamvu kuposa ndiponso osapweteka kwambiri. Jimmy Carter mu 2015 ali ndi zaka 90 melanoma inafika ku chiwindi ndi ku ubongo, anamuchita opareshoni, radiotherapy ndi pembrolizumab, bambo aja anadzamwalira mu December 2024 ali ndi zaka 100. Kafukufuku wophatikiza nivolumab ndi ipilimumab atawatsata anthu zaka 10 anapeza 43 pa 100 alionse akadali moyo. Allison ndi Honjo analandira Nobel mu 2018.

Tsopano tisatengeke. Ofufuza awiri ku America anawerengera mu 2019 kuti pa odwala khansa yofalikira onse amene mankhwala a mabulekiwa angawathandizedi ndi 12 kapena 13 pa 100. Kumasula buleki kumathandiza pokhapokha ngati msilikali analipo kale ndipo ali ndi choti aone, ndiye khansa zimene zimamva ndi za DNA yolakwika kwambiri, ya pakhungu yowotchedwa ndi dzuwa, ya mmapapo ya osuta fodya, ndi zotupa zimene makina ake okonza DNA anafa. Za mtundu womalizawu ku chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York mu 2022 anapatsa dostarlimab, yotsekanso PD-1, odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa matumbo, onse 12 chotupa chinazimiririka, opanda opareshoni opanda kemo, koma zotupa zotere ndi zochepa pa khansa za matumbo zonse. Ndikamawerenga za dzuwa ndimaganiza za abale athu achialubino amene khansa ya pakhungu ikuwatha akadali achinyamata, chifukwa khansa yawo ija, squamous cell, ndi imodzi mwa zimene zimamva kwambiri, cemiplimab, yotsekanso PD-1, inaloledwa pa khansa imeneyi mu 2018. Ndipo olo mwa amene amva mankhwala ena khansa imabwerera, gulu la Antoni Ribas ku Los Angeles mu 2016 linayeza zotupa zobwerera za odwala anayi, awiri zinali zitaononga JAK1 kapena JAK2 kuti zisamamvenso interferon, mmodzi chinali chitataya B2M ija. Kusefa kuja kumapitirira olo pa mankhwala.

Nchifukwa chake mpikisano wa panopa ndi wosaka malo atsopano omenya, ndipo kunena zoona manda ake ndi aakulu kuposa zipambano. LAG-3 inatheka, mu 2022 relatlimab yophatikiza ndi nivolumab inaloledwa pa melanoma itachedwetsa kukula kwa khansa miyezi 10 poyerekeza ndi yosakwana 5 ya nivolumab yokha, si zozizwitsa koma ndi zenizeni. TIGIT aliyense ankailumbirira, Roche inathira ndalama zankhaninkhani mu tiragolumab, kafukufuku wamkulu wa khansa ya mmapapo anakanika ndipo makampani akhala akuisiya mmodzimmodzi. Epacadostat yotseka IDO, puloteni ina imene chotupa chimafooketsera ma T cell, inagwa mu 2018. Ya CD47 ndiye yomvetsa chisoni, mfundo yake inali yokoma kwambiri, chotsani chizindikiro cha usandidye macrophage imeze chotupa, Gilead inagula kampani yake ndi madola 4.9 biliyoni mu 2020, koma maselo ofiira a magazi nawonso amavala CD47 yomweyo ndiye odwala magazi ankawathera, ndipo pofika 2024 magrolimab anaisiya ataona kuti sikuthandiza komanso pa kafukufuku wina imfa zinali zochuluka mbali ya olandira mankhwalawo. Mu mbewa zonsezi zinkagwira ntchito bwinobwino. Chimene chadzutsa anthu posachedwapa chachokera ku China, ivonescimab ya kampani ya Akeso, antibody imodzi yogwira PD-1 mbali ina ndi VEGF yomeretsa mitsempha ya magazi mbali inayo, mu 2024 inaposa pembrolizumab pa khansa ya mmapapo pa nthawi imene khansa imakhala isanayambenso kukula, miyezi 11 kwa 6.

Ena anasiya za mabuleki nkuyamba kumugwira dzanja msilikali kumufikitsa pa mdani. Pali ma antibody a manja awiri, dzanja lina likugwira T cell lina likugwira selo la khansa, safunanso MHC ndiye kubisa kuja kulibe ntchito, tarlatamab ya mtundu wina wa khansa ya mmapapo wothamanga kwambiri inaloledwa mu 2024. Pali CAR-T, amachotsa ma T cell a wodwala, ku labu nkuwaikira diso latsopano loona CD19, chizindikiro cha pamwamba pa maselo a khansa zina za m'magazi, nkuwabwezera. Emily Whitehead anali ndi zaka 6 mu 2012 ku Philadelphia leukaemia itakana chilichonse, analandira CAR-T ya gulu la Carl June, anatsala pang'ono kufa ndi kutentha thupi, lero ndi mtsikana wamkulu. Ndipo tamvani izi, galimoto imene amagwiritsa ntchito kulowetsa malangizo atsopanowo mu T cell ndi HIV yochotsedwa ululu. CAR-T imeneyi italoledwa mu 2017 mtengo unali madola 475,000. Khansa nayo imayankha, ina imabwerera itataya CD19. Kulinso akatemera a mRNA opangira munthu mmodzi, amawerenga DNA ya chotupa chako nkusankha zolakwika zimene T cell ingaone, wa Moderna ndi Merck pa melanoma anachepetsa kubwerera kwa khansa kapena imfa ndi 44 pa 100 pa kafukufuku wapakatikati, ndipo pa khansa ya kapamba ku New York odwala 8 mwa 16 ma T cell awo anadzuka.

Amene mumakonda mawu oti kukweza chitetezo, booster yeniyeni inayesedwapo. March 2006 ku Northwick Park Hospital ku London anyamata asanu ndi mmodzi abwinobwino anabayidwa TGN1412, antibody yodzutsa ma T cell onse nthawi imodzi, mlingo wochepa maulendo 500 kuposa umene anyani anapirira. Pasanathe tsiku onse anali ku ICU ziwalo zikuleka kugwira ntchito, anapulumuka koma mmodzi anataya zala. Olo mankhwala ololedwawa ali ndi zake, kutsegula mmimba koopsa chifukwa asilikali akudya matumbo, chithokomiro kufa, shuga wofuna insulin moyo wonse, mapapo kutupa, mwa apo ndi apo mtima. Chinthu chimene chimakhudzadi chitetezo chimafuna dokotala pafupi ndi labu yoyeza magazi pafupipafupi. Botolo limene likulonjeza kukweza chitetezo popanda vuto lina lililonse bola ndi loti silikuchita kanthu, vuto ndi miyezi imene munthu amataya akumwa, chotupa cha m'bere chimene chikanachotsedwa ndi opareshoni nkufika mkhwapa ndi mmafupa.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Chimene chimandiwawa ndi ichi. Zambiri mwa khansa zimene zikutipha kwambiri, ya khomo la chiberekero, Kaposi, ma lymphoma ambiri, ya chiwindi, ndi zoyamba ndi tizilombo, kutanthauza kuti mkati mwa selo muli puloteni yachilendo kotheratu, yosafuna kusakasaka ngati zolakwika za DNA zija. Khansa ya khomo la chiberekero singakhale moyo popanda mapuloteni E6 ndi E7 a HPV, kachilombo koiyambitsa, ikawataya imafa, ndiye papepala ndi chandamale chabwino kuposa melanoma. Ku Ulaya mu 2022 analoleza kale tabelecleucel, ma T cell ophunzitsidwa kusaka Epstein-Barr. Koma ndalama za kafukufuku zimatsata odwala olipira, ndipo kwa zaka zambiri anthu a HIV sankaloledwa nkomwe kulowa mu kafukufuku wa mankhwala a PD-1, mpaka 2019 pamene gulu la Thomas Uldrick linasonyeza pa odwala 30 omwa ma ARV kuti pembrolizumab amaipirira ngati ena onse, ngakhale mmodzi wa Kaposi anamwalira ndi vuto lokhudza HHV-8. Malawi ili mgulu la maiko oyambirira padziko lonse pa khansa ya khomo la chiberekero, chiwerengero cha 2020 chinali amayi opitirira 4,000 pachaka ndipo pafupifupi 3,000 akumwalira, ndipo mayi wa HIV chiopsezo chake ndi chokwera kasanu ndi kamodzi. Pembrolizumab inaloledwa koyamba pa khansa imeneyi ku America mu 2018, mu 2025 WHO inaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira pa khansa yomweyi, koma dripu imodzi ku America ndi madola opitirira 10,000, milungu itatu iliyonse, mpaka zaka ziwiri. Sinthani nokha mu kwacha, ine mutu ukuwawa. Merck, kampani yake, mu 2024 mokha inapanga madola 29.5 biliyoni ndi mankhwala amodziwa, kuposa chuma chonse cha dziko lathu pachaka.

Amwenye sanakhale pansi kudandaula. Ku Tata Memorial ku Mumbai anaona kuti mlingo umene makampani amagulitsa ndi wochuluka kuposa umene umafunika kutseka PD-1, nde anayesa nivolumab ya 20 mg milungu itatu iliyonse mmalo mwa 240 mg milungu iwiri iliyonse, pamwamba pa kemo yotchipa ya mapilisi, pa khansa ya mkamwa ndi pakhosi. Zotsatira za 2022, ofika chaka ali moyo anachoka pa 16 kufika pa 43 pa 100. Mu 2023 analoleza CAR-T yawoyawo, NexCAR19, pa mtengo wa pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a wa ku America. Kafukufuku wotere kampani yogulitsa singakupangireni, mukuona chifukwa chake. Kwathu kuno zofananako zinachitikapo, ku Kamuzu Central ku Lilongwe anayesa rituximab yotchipa, antibody yogwira CD20, pa odwala lymphoma kuphatikizapo a HIV, ndipo zinaoneka kuti ndi zotheka. Patent ya pembrolizumab, ufulu woti Merck yokha ndiyo izipanga, ikutha mu 2028 ndipo makampani ngati Samsung Bioepis ya ku Korea ayamba kale kuyesa yawo. Pakali pano chitetezo chimene tili nacho mmanja ndi katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9, wa hepatitis B ali mu jakisoni wa makanda kuyambira 2002, ndi ma ARV omwa osadumphitsa. Makolo ena akubisabe ana tsiku la katemera kusukulu ati ndi wotseka mimba, abale, katemera ameneyu amaphunzitsa thupi kugwira HPV isanalowe nkomwe mu selo, mabuleki onse ndafotokozawa asanayambe.

Koma olo mtengo utagwa mawa pali funso limene a ku America sangatiyankhire, la TB. Ofufuza atapanga mbewa zopanda PD-1 nkuzipatsa TB ankayembekeza kuti zilimba, mmalo mwake zinafa msanga, mapapo ataonongedwa ndi asilikali awo omwe, ndipo madokotala alembapo za odwala khansa amene TB yogona inadzuka atayamba mankhwala a PD-1. Kuno ambiri tili nako kachilombo ka TB kogona. Wodwala ali pa pembrolizumab akayamba kutsokomola ndi kubanika, dokotala wa ku America amaganiza kuti chitetezo chikudya mapapo nkupereka prednisolone wambiri, wotsitsa chitetezo, kwa milungu ingapo, ndipo amakhala akulondola nthawi zambiri. Chifuwa chomwecho ku Zomba kapena ku Mzimba chikhoza kukhala TB, X-ray ya ziwirizi imatha kufanana, ndipo prednisolone wambiri pa TB yosapatsidwa mankhwala ndi kuthira petulo. Ndiye mankhwalawa akadzafika adzafuna GeneXpert, makina oyezera TB, oyankha tsiku lomwelo, kuyeza hepatitis B asanayambe, labu yotha kuyeza chithokomiro ndi cortisol, ndi clinical officer wa ku health centre wodziwa kuti munthu wa pa dripu imeneyi akabwera ndi kutsegula mmimba si wongopatsa Thanzi ORS ndi Flagyl nkumubweza kunyumba.